Makina osefa madzi, apongozi asanafike

Lolemba
Ndikugula makina osefa madzi! Ndawaona dzulo kuhotela ina ku Makokola, kumene alamu anga amaphika. Madzi amchere ngati athu a kuno ku Nkhudzi akulowa uku, uko akutuluka ngati a m'botolo. Ndamwa mpaka mimba kulira. Apongozi akubwera Lamulungu kuchokera ku Dedza. Chaka chatha analavula tiyi wanga pamaso pa aphunzitsi anzanga: "Mwathira mchere kodi?" Ulendo uno aona!

Lachiwiri
Wogulitsa wa ku Blantyre wanditumizira zithunzi pafoni. Mitundu itatu:
osefa kasanu,
osefa kasanu ndi kawiri,
a nyale yabuluu yopha tizilombo.
A nyale! A nyale basi! Ndalengeza kusukulu konse. Ana a Sitandade 6 akuloweza dzina lachingerezi la makinawa loti "rivesi osimosisi" pa nthawi ya Chichewa. Mayi Jafali, aneba anga, akuti azidzatunga kwathu. Ndavomera ngati nduna.

Lachitatu
Wogulitsa: "Mpopi wanu uli ndi mphamvu, madamu?" Ndathamanga kukatsegula. Watsokomola, walavula, kenako dontho... dontho. Palibe vuto, akuti pali pampu yake! Amuna anga afika kuchokera kuntchito ku Monkey Bay, nsapato asanavule ndawaonetsa zithunzi. "Pampuyo imayendera chiyani?" Magetsi. Tonse tayang'ana babu. Azima kuyambira m'mawa. Tigula sola!

Lachinayi
Zofunika tsopano: makina, pampu, sola, batire, thanki, nsanja ya thankiyo. Ndi sinki. Akuti makinawa amakhala pansi pa sinki, ife timatsukira m'beseni. Eni nyumba, a Che Saidi, amvetsera zonse mwaulemu, akusisita ndevu. "Zabwino kwabasi, amadamu. Koma khoma langa musaboole." Ndikuimbabe posesa.

Lachisanu
Eee! Akuti makinawa amataya madzi ambiri kuposa amene amatulutsa akumwa. Otayikawo mchere wokhawokha, ngakhale mpiru sungathirire. Nanga mpopi ukauma, wosenza kumjigo ndani? Ine! Khosi langa lomweli, kusenzera makina kuti azitaya! Mayi Jafali asiya kale zigubu ziwiri pakhonde. Akuti akugwira malo pamzere.

Loweruka
Chabwino. Osefa kasanu, opanda nyale, zinazo tiona. Ndaimba foni. "Atha dzulo, madamu. Ena ali pabodala, mwina mwezi wamawa." Zosefera zake nazo akuti zimasinthidwa, kogula ndi ku Blantyre konko. Ndasefa madzi pansalu yoyera, ndawiritsa, ndalawa. Mchere uli pomwepo, wangotentha. Amuna anga akuseka kuseri kwa nyumba, akuyesa sindikumva.

Lamulungu
Apongozi afika. Kondakitala watsitsa chikwama, thumba la mbatata, kenako chigubu chachikulu chomanga m'chitenje ngati mwana. Madzi a ku Dedza. "Musavutike nane, mayi, ndabwera ndi anga." Achiika kumutu kwa bedi lawo. Ndawafunsa mwaulemu kuti akhala nafe mpaka liti. "Mpaka madziwa athe." Ndakhala ndikuwayang'ana masana onse. Akumwera pachivindikiro.