Tsiku limene ndinawiritsa nyumba ya eni ku Nuaija

Anzanga, mukaona munthu wangofika kumene ku Doha akuyendayenda ndi sipanala m'thumba, mulandeni msanga. Ndikutero chifukwa munthu ameneyo ndinali ineyo.

Ndinafika mu Juni, nthawi ya dzuwa lija loti ukatuluka panja umakhala ngati wina wakutsegulira uvuni kumaso. Ntchito yaudalaivala pa nyumba ina yaikulu ku Nuaija anandipezera ndi amalume anga, Che Jafali, amene aphika pa nyumbayo zaka zambirimbiri. Anandiuziratu kuti miyezi itatu yoyamba ndi yondiyesa, ndikalakwitsa ndibwerera kwathu ku Machinga, ndipo manyazi adzagwira iwowo amene anandiikira kumbuyo.

"Iwe Yusufu, ntchito yako ndi galimoto basi," anatero. "Zina zonsezi uziona ndi maso, wamva?"

Ndinavomera mwaulemu. Koma vuto langa ndi loti ndinayendako ndi pulambala wina ku Liwonde kwa miyezi iwiri, kumunyamulira chikwama cha zitsulo, ndiye mumtimamu ndimadziona ngati injiniya wosowa mwayi.

Sabata yachiwiri ndinatulukira kuti nyumbayi ikudwala. Ukatsegula mpopi wa buluu, woti utulutse madzi ozizira, ankatuluka madzi oti ungoponyamo masamba a tiyi. Ukatsegula wofiira, madzi ozizira bwinobwino! Ndinawamvera chisoni anthuwa. Magalimoto anayi pakhomo koma mipopi yosokonekera, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wodandaula? Ndinaganiza zokonza mwakachetechete, kuti bwana akadzafunsa kuti wachita zimenezi ndani, ine ndidzangoyang'ana pansi modzichepetsa.

Lachisanu m'mawa, amalume atatanganidwa ndi mpunga, ndinalowa m'kachipinda ka pansi pa masitepe momwe muli chithanki cha hita. Pa paipi yochokera ku boila panali valavu yoyendera kamota, kabokosi kasiliva kokhala ndi kachitsulo kotsegulira pambali. Ntchito yake ndi kutsegula njira kuti moto wa boila ufike m'thanki. Valavuyo inali yotseka, kamota kali zii. Ndinakagogoda ndi sipanala, osayankha. Ndinatsatira waya mpaka pa khoma, ndipo ndinapeza swichi yozimitsa, yomatidwa tepi yakuda kawiri konse.

Tsono ndikufunseni, munthu wanzeru akaona swichi yomatidwa tepi amaganiza chiyani? Ine ndinaganiza kuti pulambala wa kuno ndi waulesi. Ndinamatula tepi ija n'kuyatsa. Kamota kanayamba kulira, kachitsulo kaja n'kumasuntha pang'onopang'ono, boila nayenso n'kudzuka. Kukoma kwake! Ndinatumiza uthenga kwa mkazi wanga kuti mayi a Amina, mwamuna wanu kuno sachedwa kukwezedwa.

Chimene sindinkadziwa, chimene aliyense kuno amadziwa, n'choti thanki ya madzi ozizira imakhala padenga, ndipo nthawi yotentha dzuwa limaiwiritsa tsiku lonse. Ndiye anthu amazimitsa hita dala, kuti thanki ya m'nyumba ija, yokhala pamthunzi, izisunga madzi ozizira. Mpopi wofiira ndi umene umapulumutsa anthu mpaka dzuwa litafatsa. Ine ndinali nditapha madzi ozizira okhawo m'nyumba yonse.

Itayandikira nthawi ya swala ya Ijuma, ndinamva kukuwa kukhitchini. Amalume ankatsuka letesi, letesi uja n'kufota m'manja mwawo ngati chisoso cha mumphika. Nthawi yomweyo kumwamba kunamveka mawu a Baba, bambo awo a bwana, nkhalamba yoyenda ndi ndodo, amene ankafuna kusamba m'manja ndi kumapazi asanapite ku mzikiti. Atsegule uku, moto. Atsegule uko, moto.

Ndinathamangira m'kachipinda kaja. Mukuganiza kuti ndinazimitsa swichi ngati munthu wabwinobwino? Ayi ndithu. Ndinagwira kachitsulo ka valavu ndi sipanala kuti ndikabweze mokakamiza, kamota kakukankhira uku, ine ndikukankhira uko, mpaka ndinangomva kuti thyo! Kachitsulo kanatsalira m'manja mwanga, valavu ili chitsegukire.

Potembenuka, amalume ali pakhomo.

"Yusufu, watani?"

"Amalume, ndimangochita check pang'ono."

"Ku-checker? Tepi ija unaiona kapena sunaione?"

Anazimitsa boila okha, koma thanki inali itawira kale, yoti kuzizira kwake mpaka mawa. Bwana anatsika foni ili m'manja, nkhope itachita mdima, akungobwereza kuti "mushkila, mushkila," ndiye kuti vuto. Ndinamva dzina la ofesi yolemba anthu ntchito imene inandibweretsa kuno likutchulidwa. Amalume anavula chipewa chawo chophikira n'kuyamba kupepesa m'Chiarabu, munthu wa imvi zake kuwerama chifukwa cha uchitsiru wanga. Apo ndiye zinandipweteka kwambiri, kuposa kuopa ndege yobwerera.

Mantha aja anatsikira m'mimba. Ndinapempha kuti ndichokepo kaye n'kuthamangira kuchimbudzi cha pafupi ndi khitchini. Kuno, monga mukudziwa, m'malo mwa pepala timadzitsuka ndi kapaipi kopopera madzi kaja. Ndipo m'nyumba imeneyi, pofuna kuteteza anthu ku madzi a padenga, timapaipi tonse anatilumikiza ku thanki ya m'nyumba. Thanki yomwe ija injiniya wanu anali atangoikonza kumene.

Ndinadina.

Anzanga, ndinaitana mayi anga ndi dzina lawo lenileni. Akuti mfuu wake unamveka mpaka kwa alonda a nyumba yoyandikana nayo. Ndinatuluka nditagwirizira thalauza, miyendo ili tang'a, misozi ili mbwee, ndipo ndinapeza onse aima chilili akundiyang'ana. Baba anali pa masitepe ndi botolo la madzi a mufiriji. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anayamba kuseka, kuseka koti mpaka anakhala pansi pa sitepe, ndodo n'kugwera uko. Atapezako mpweya analankhula mawu angapo kwa mwana wawo, bwana n'kubweza foni m'thumba.

"Akuti chiyani, amalume?" ndinanong'ona.

"Akuti khalas, zatha. Chilango walandira kale, asakuonjezere china." Amalume anapukuta m'maso, sindikudziwa ngati inali misozi ya kuseka kapena ya mpumulo. "Koma akutinso yalla, fulumira, ukawasiye ku mzikiti. Nthawi yatha."

Galimoto, anzanga, amayendetsa atakhala pansi. Amalume analowa kukhitchini n'kubwera ndi paketi ya nsawawa za mufiriji zouma gwa ndi ayezi, anaikulunga m'kansalu n'kundipatsira. Ndinayendetsa nditakhalira nsawawa, thako limodzi lili m'malere, ndipo pa bampu iliyonse Baba kumbuyoko ankati "shwaya shwaya, injiniya," ndiye kuti pang'onopang'ono, n'kuyambiranso kuseka.

Ntchito ndikadali nayo, ndipo amalume akadali ndi ulemu wawo. Koma ndinalumbira kuti m'nyumba ya eni, ngakhale nditapeza mpopi ukutulutsa fanta, ndidzangotunga, kumwa, n'kupita kukatsuka galimoto.