Tsiku Limene Ndinasita Ng'oma

Kunyumba kwathu ku Chinyonga sititchula mawu oti "simbi" pamaso pa alendo. Akangotchulidwa, akazi anga amaseka mpaka misozi, ine n'kutuluka kukaona ngati nkhuku zalowa (tilibe nkhuku).

Ndine woimba. Bangwe anandiphunzitsa ndi bambo anga, amene anabwera nayo kuchokera ku Mozambiki. Kaligo, sansi ndi ng'oma ndinachita kutola ndekha. Zaka zonsezi ndaimba m'maukwati ndi m'zinkhoswe, ndiye nditamva kuti bungwe lina ku Sunnyside likusankha woimba mmodzi woti akaimbe kunja, ndinati ulendo uno ndege ndiikwera, zivute zitani. Pafomu ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu: ZIDA ZINAYI.

Tsiku losankhalo kunagwa chiperoni. Pofika kumeneko, chikopa cha ng'oma chinali chitalefuka ndi chinyezi. Nditaigunda inangoti "bu", ngati katoni yonyowa. Mankhwala ake ndi odziwika: umaiwamba pamoto, chikopa n'kukungika. Koma ku Sunnyside moto ungaupeze kuti?

Ndinayamba ndi alonda. Mbaula anali nayo, makala analibe. Kenako a Jafali, dalaivala wa pamalopo, anandimvera chisoni n'kutsegula boneti.

"Ikhazikeni pa injinipa, achimwene, ndangofika kumene."

Ng'oma inatuluka ikununkha dizilo, koma mawu ake omwe aja. Munthu wanzeru akanasiyira pomwepo n'kukalowa ndi zida zitatu. Ine ndinali nditalemba zinayi.

Kuseri kwa khitchini ndinapeza mayi wina akusita nsalu za patebulo.

"Mayi, tandibwerekeniko simbiyo pang'ono."

"Malaya ake ali kuti?"

"Si malaya, ndi ng'oma."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Bambo, mwadya koma m'mawa uno?"

Anandipatsabe. Ndinayamba kusita m'mphepete, ndipo musaseke, zinayamba kutheka. Nditagunda, ng'oma inati "ndi! ndi!" Mtima unangoti myaa. Kenako dyera: ndinati ndiwonjezere pang'ono pokha, pakati. Ndinali nditaiwala phula lakuda limene timamata pakatipo kuti ng'oma izilira mozama (ndinalimata ndekha, ndi manja angawa).

Phula linasungunuka n'kugwira simbi. Ndikuti ndikoke, yakana. Fungo la mbuzi yowaula linadzaza pabwalo. Nditakoka ndi mphamvu zonse, chikopa chinangoti phwaa, n'kutsalira kusimbi. Nthawi yomweyo ndinamva dzina langa likuitanidwa.

Ndinalowa. Mayi amene ankatsogolera osankhawo anayang'ana fomu.

"Mwalemba zida zinayi."

"Chachinayi chadwala mwadzidzidzi, mayi."

Bangwe ndinaiimba ngati mawa kulibe, moti bambo anga akanakhalapo akanagwedeza mutu. Ndili pakati pa nyimbo ya kaligo, chitseko chinatseguka. Anali mayi osita aja, atanyamula simbi m'mwamba, chikopa chili lendee.

"Pepani abwana, koma bambowa asachoke asanaipale iyi."

Ndege anakwera ndi mnyamata wina wa ku Kanjedza, wa gitala imodzi yokha. Zinandiwawa kwambiri, sindinama. Ine masana onsewo ndinali kuseri kwa khitchini ndi mpeni, kupala simbi ya eni ake.

Chikopa ndinakunga china. Chaka chino fomu ndalembanso, ndipo akazi anga ataiwerenga anafunsa kuti chida chachisanucho ndachiphunzira liti.

Ndinawalozera pakhonde, pamene pali kambaula katsopano ndi jumbo ya makala.