Fodya wa Eni Ndinamupatsa Mpweya

Kudera la Mavwere ku Mchinji kuli anthu amene mpaka lero akandiona ndikudutsa amathamangira kukatseka mawindo, kenako nkumaseka chikhakhali. Asiyeni aseke. Ine nkhaniyi sindiiseka, ndipo ndikaikumbukira mtima umawira ngati zachitika dzulo. Ndailemba kuti nanunso muweruze, chifukwa ndatopa ndi kusenza ndekha mlandu umene olakwa tinalipo angapo.

Zinali zaka zija matipate atangoyamba, alimi wamba atangololedwa kulima fodya wa bale amene kale ankalimidwa m'maesiteti mokha. Ine ndinali nditangolembedwa ntchito ya ulangizi wa zaumoyo. Anandichotsa kwathu ku Mulanje nkukanditula ku Mchinji ndi njinga, yunifolomu, ndi mutu wotupa ndi maphunziro a masabata owerengeka. Kwathu timadziwa tiyi, nandolo ndi chinangwa. Fodya ndinkamuona ali kale mu ndudu. Pa zonse zimene anatiphunzitsa, chimene chinandilowa m'magazi chinali cha mpweya: nyumba yotseka imaweta chifuwa chachikulu, tsegulani mawindo m'mawa uliwonse. Ndinkalalikira zimenezi pamjigo, kutchalitchi, ngakhale pamaliro (inde, pamaliro, ndipo palibe amene anandipempha kuti ndiyankhule).

Pamjigo pomwepo ndi pamene ndinaonera Felesiya. Sindikuuzani za kukongola kwake, ndingadzipweteke mtima pachabe. Dziwani chabe kuti ndinamufunsira katatu, kachinayi nkundilola, koma anati mawu enieni ali ndi amalume ake, a Zakeyo, amene anamulera makolo ake atamwalira. Ndikaonekere kaye kwa iwo. Akakaona kuti ndine munthu, ndiye amalume anga anyamuke ku Mulanje kudzakamba za ukwati. Tinapangana Loweruka lina mu Juni. Malaya oyera ndinawasita kawiri, nsapato ndinapolisha mpaka ndinkadzionerapo nkhope.

Ndinafika cha m'ma naini, koma a Zakeyo sindinawapeze. Anali atapita pangolo kumudzi wina kukatenga jeke, chitsulo chija chodindira fodya m'mabelo. Kalabu yawo yonse ya alimi a fodya inali ndi jeke imodzi yoyenda mosinthana, ndipo tsiku limenelo linali lawo. Felesiya ndi akazi awo a Zakeyo anandilowetsa pabalaza, nkundipatsa mpando, kenako nkunena kuti akuthamangira kuchigayo chifukwa ufa woyera wa alendo wawathera.

"Amalume sachedwa," anatero Felesiya ali pakhomo, thumba la mphale lili pamutu. "Khalani omasuka, pano ndi panu."

Mwamva? Pano ndi panu. Sanati musagwire kanthu, sanati nyumbayi taitseka dala. Mawu awiri okha akanandipulumutsa, koma iye anasankha kundipatsa nyumba yonse.

Nyumbayo inali yabwino ndithu, ya njerwa zootcha ndi malata, koma m'katimo munali mdima dzuwa likuwala panja. Mawindo atatu a matabwa anali otseka, m'mipata atatsekeramo ziguduli. Pansi anayalapo masaka onyowa, pakona pali beseni lodzaza madzi. Kukhoma kunali chimulu chofika m'chifuwa, atachifunditsa pulasitiki yakuda ndi mabulangete pamwamba. Ndiye fungo! Linkalasa m'mphuno mpaka misozi, ndipo ndinayetsemula kasanu ndisanakhazikike nkomwe pampando.

Ndinakhala mwaulemu, manja pamaondo ngati mkamwini woleredwa bwino, mwina mphindi khumi. Kenako satana anabwera atavala yunifolomu ya zaumoyo. Ndinayamba kuganiza kuti banja ndikukwatiramo ndi limeneli, ana anga azidzabwera kudzagona muno, ndiye ine mlangizi wathunthu ndingokhala nkumaonerera anthu akudzipha okha? Ndinati nditsegule windo limodzi lokha, pang'ono chabe.

Kanalowa kamphepo ka mu Juni kaja, kouma, kong'amba milomo. Ndinapuma bwino koyamba. Windo limodzi silitulutsa mpweya woipa (zimenezi ndinakhoza pamayeso), choncho ndinatsegula lachiwiri, lachitatu, ndi zitseko zonse ziwiri, ziguduli zija nkuzisolola. Masaka onyowa ndinakawayanika pampanda. Madzi a m'beseni ndinakawataya kuseri, uku ndikupukusa mutu kuti anthu akuweta udzudzu pabalaza. Mphepo inayamba kudutsa m'nyumbamo ngati pamsewu.

Pakanathera pamenepo mwina bwenzi lero ndikulemba nkhani ina. Koma ndinavundukula pulasitiki ija. Pansi pake panali fodya, atamumanga timitolo tija amati ndindi, atamusanja mizere yowongoka bwino, pakati pa mizere atadulira ndi mapepala. Nditamugwira anali wofewa ngati nsalu. Ine kwathu chinthu chouma chikafewa ndiye kuti chayamba chuku. Ndinawamvera chisoni a Zakeyo, ndinati mkuluyu ali pafupi kutaya mbewu yonse osadziwa, mwayi wake wapeza mkamwini wopita kusukulu.

Ndinavula malaya kuti asade, nkuyamba kumuyanika. Ndinamwaza ndindi pansi ponse, pamipando, patebulo, zina pamawindo penipeni kuti ziwombedwe bwino. Ndinaona kuti zina nzowala, zina nzofiirira, zina nzakuda, zina zazitali, zina zazifupi, koma kwa ine fodya anali fodya basi. Mapepala aja ndinawasonkhanitsa nkuwaika padzala. Nditatha ndinasamba m'manja, kuvala malaya anga, nkukhala pakhonde mwendo uli pamwamba pa unzake, kudikira kuyamikiridwa. Maola atatu anadutsa. M'nyumbamo ndinkamva kaphokoso ka tswatswatswa mphepo ikawomba, ine nkumati ukhondo ukulowa.

Ngolo inatulukira dzuwa litapendeka pang'ono. Munali a Zakeyo, bambo wamfupi wa chipewa chosongoka, ndi anzawo awiri a m'kalabu atagwirizira jeke. Ndinatsika pakhonde nkunjuta, manja onse awiri patsogolo. Iwo sanandione nkomwe. Maso awo anali pa mawindo. Anadumpha ng'ombe zisanaime, nkundidutsa ngati chitsa, mpaka m'nyumba.

"Ndani?" Mawu a Zakeyo anatuluka pawindo, otsika. "Wachita zimenezi ndani?"

"Ndine, bambo," ndinayankha ndikulowa, ndikumwetulira (ndikumwetulira, abale!). "Musavutike nkuthokoza. Mukudziwa, nyumba ikakhala yotseka, tizilombo ta chifuwa chachikulu..."

"Ndinu mwabwerera Felesiya?"

"Eya, bambo."

Anawerama nkutola ndindi imodzi, nkuifinya pang'ono. Inangoti phwanyu, masamba nkuyoyokera pansi ngati chimanga chokazinga chopunthidwa. Anatola ina, chimodzimodzi.

"Achimwene," anatero, "fodya uyu tamusankha masabata atatu, ine ndi mayi aja ndi Felesiya wanuyo. Tsamba limodzilimodzi, lowala palokha, lofiira palokha, lalifupi palokha. Timamufewetsa ndi mame a m'mawa, nkumutsekera muno kuti chinyezi chisathawe mpaka jeke ifike. Jeke ndi iyo yafika, mawa ipita kwa ena. Tsono wouma tere ndikamudinda, m'belomo mutuluka chani? Fodya wa m'mphuno? Ndipo mwasakaniza! Belo losakaniza kuokushoni amalibweza osaliyang'ana kachiwiri."

Anzawo aja anasuzumira pakhomo, mmodzi nkugwira pakamwa, wina nkungoti, "Mayo ine." A Zakeyo anatuluka nawo kukakambirana ngati jeke ingagone masiku awiri. Ndinatsala ndekha pakati pa fodya.

Apa munthu wanzeru akanakhala pansi. Koma pa zonse zimene ananena a Zakeyo, ine ndinatolapo liwu limodzi: chinyezi. Ndinati ngati vuto ndi chinyezi, chinyezi chili m'mgolo kuseri kwa nyumba. Ndinatulukira khomo lakumbuyo, kutunga ndowa, nkuyamba kuwaza ndi dzanja. Ndinaona kuti zikuchedwa, ndiye ndinangokhuthula. Ndowa yoyamba, yachiwiri. Ndikubwera ndi yachitatu, madzi ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka anali atatulukira kale khomo lakumaso, mpaka pamapazi pa a Zakeyo.

Sindinadziwe kuti munthu wamfupi angakhale ndi mawu aakulu chotero.

"Mwandipha! Anthuni, bwerani mudzaone, mwana wa eni wandipha! Wouma uja bwenzi titamufewetsanso, nanga wonyowayu? Aola! Ada bii! Kodi anakutumani ndani? Ndinakulakwirani chani ine, munthu sindikudziwani ndi dzina lomwe?"

Anthu anayamba kusonkhana kumpanda. Amayi ena anabwera ndi mithiko m'manja, poganiza kuti kwagwa maliro. Ndipo apa ndi pamene ndimadzida kwambiri, chifukwa m'malo mogwada, manyazi anga anasanduka ukali. Ndinaika ndowa pansi nkuyankha.

"Nanga bwanji simunalembe pachitseko? Mumasiya bwanji mlendo m'nyumba osamuuza kanthu? Komanso munthu wamkulu mumagona ndi fodya m'nyumba ngati ndi mkazi wanu? Chigafa choyanikamo fodya munamangiranji?"

"Kuchigafa akuba amamutenga, adokotala," anayankha mmodzi wa anzawo aja, modekha, ngati akuyankhula ndi wodwala.

A Zakeyo anasiya kukuwa. Bola akanapitiriza. Anawerama, nkukokola zinyenyeswa za fodya zonyowa dzanja lodzaza, nkubwera pafupi nane. Anatsegula thumba la malaya anga oyera aja nkuthiramo, kenako nkupapasa pathumbapo bwinobwino.

"Kapatseni amalume anu," anatero. "Muwauze asavutike nkukwera basi."

Ndinakwera njinga anthu akundipatsa njira. Pa mtunda pang'ono ndinakumana ndi Felesiya ndi mayi aja akuchokera kuchigayo, ufa uli pamutu, nkhuku ya alendo ili m'khwapa.

"Iii, mukupita kale? Mwaonana nawo amalume?" anafunsa Felesiya.

"Taonana," ndinatero osatsika.

Lolemba Felesiya anabwera kumene ndinkakhala, maso atatupa. Anaima panja, anakana mpando. Anandiuza kuti jeke inapita, ndipo fodya wambiri wada.

"Amalume mtima wawo suchedwa kutsika," anatero. "Za fodyazo akuti simunadziwe. Chawapweteka ndi pakamwa panu, pamaso pa anthu. Bwerani mudzapepese, mukhale nafe pansi tisankhe amene watsala. Masiku atatu okha."

"Ayambe iwo kupepesa," ndinatero ine. "Anandinyoza pagulu, ine wa boma. Ndipo iwenso unalakwa, sunandiuze."

"Ndikudikirani mpaka Lamulungu," anatero, nkutembenuka.

Lamulungu linafika ine ndili m'nyumba, mawindo onse otsegula, ndikudikira kuti abwere ndi iwo. Ndinamva pambuyo pake kuti fodya wotsalayo sanafike nkomwe kuokushoni, anangomupereka kwa mavenda odutsa naye malire pa mtengo wongotaya. Chaka chotsatira Felesiya anakwatiwa ndi munthu wina.

Ndiye muweruze. Aphunzitsi aja amene anandidzaza mpweya m'mutu, analephera chiyani kuwonjezera kuti kupatula nyengo ya fodya? Anatumiza bwanji mwana wa ku tiyi kudziko la fodya osamuuza ngakhale chimodzi? Felesiya ndi "pano ndi panu" wakeyo? A Zakeyo, amene anaona kuti pabwalo podzaza anthu ndiye poyenera kundithira zinyalala m'thumba? Onsewa ndimawakwiyira, mmodzimmodzi, ndipo ndikamaliza ndimapeza kuti mkwiyo wambiri watsala, wopanda woupatsa koma ine.

Patapita zaka ziwiri ndinali kusikelo ya ana pansi pa mtengo wa mango, amayi atandanda mzere. Nditadzutsa mutu kuti ndilandire khadi lotsatira, ndinaona ali Felesiya, mwana wamwamuna wonenepa bwino ali m'manja. Ndinamupachika mwanayo pasikelo. Ali lende pamenepo anatsokomola kawiri. Ndinadziuza kuti khala chete, lemba kulemera kwake, umubwezere mayi ake. Koma pakamwa panga sipanandimverepo chibadwire.

"Amayi, mwanayu akutsokomola. Kodi kunyumba mumatsegula mawindo?"

Mzere wonse unagwa nako kuseka, ena mpaka kukhala pansi. Felesiya yekha sanaseke. Anamutsitsa mwana wake pasikelo, nkumuponya kumsana, nkumanga nsalu mosafulumira.

"Timatsegula, alangizi," anatero motsitsa mawu kuti ndimve ndekha. "Mukanangobwera Lamulungu lija, bwenzi mukutsegula ndinu."

Anatenga khadi m'manja mwanga nkumapita, ine ndisanalembemo kanthu.