Zala Zomwe Zinalonjeza Tenti

M'mudzi wina, umene dzina lake tilibisa poti enafe timagona momwemo, munali gulupu ya pa foni yotchedwa Bwalo Lalikulu la Akatswiri Okonza Maukwati, Zinkhoswe ndi Misonkhano. M'gulupumo munalibe munthu wamba. Bambo Kachingwe, eni matenti azigamba, anali Mtsogoleri Wamkulu wa Mithunzi. Bambo Nkhwazi anali Nduna ya Mipando. Enafe, ongomanga riboni pampando, tinali Akazembe a Kukongola.

Mwambo wa bwaloli unali umodzi: uthenga uliwonse unkayankhidwa ndi kachithunzi ka chala chachikulu choimika. Kulemba mawu tinkati n'kwa anthu osatanganidwa.

M'nyengo yamvula, Mayi Nasoko, Mlangizi wa Maluwa, analemba kuti: "Anzanga, Loweruka ndi chinkhoswe cha mwana wanga Chifuniro. Ndithandizeni tenti ndi mipando, ndisachite manyazi pamaso pa akuchimuna."

Zala zinagwa ngati matalala. Mayi Nasoko anaziona, mtima unakhala pansi. Bambo Kachingwe ataona chala cha a Nkhwazi anati zonse zatheka, nabwereketsa matenti awo kutsidya kwa mtsinje. A Nkhwazi nawo ataona cha a Kachingwe anakhoma mipando yawo m'nyumba. Makolo anati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma sananenepo kuti zala zambiri zimadzutsa tenti.

Loweruka akatswiri tonse tinafika titatchena, mafoni ali m'manja. Pabwalo panali mtengo wa mango ndi mitambo yakuda basi.

"Akulu, tenti ili kuti?" anafunsa a Nkhwazi.

"Aa, si inu munaimika chala?" anayankha a Kachingwe.

"Changacho chinali choyamikira chanu."

"Changanso chinali chokulimbikitsani, achimwene. Nanga mipando?"

Akuchimuna anali ataima kale pachipata, tambala ali m'khwapa, madontho a mvula akuyamba kulasa masuti awo. Mayi Nasoko anangoluma nsonga ya chitenje, misozi ili mbwembwembwe.

Apo n'kuti Mayi Nanthambwe, oyandikana nawo nyumba, amene sitinawalowetse m'gulupu chifukwa analibe udindo, akukoka malona awo oyanikira chimanga. Anamanga nsonga ina kumango, ina kudenga la khitchini. Anakuwira amayi anzawo, ndipo kunabwera mabenchi, mphasa, ngakhale mtondo wovundikira. Podutsa anawanong'oneza Mayi Nasoko kuti, "Pukutani kumaso, achemwali, alendo asaone. Pitani mukawalandire."

Chinkhoswe chinachitika. Ankhoswe anapatsana nkhuku, nthungululu zinalira, Chifuniro sananyowe.

Akatswiri tinausa mvula pansi pa malona omwewo, tikujambula. Zithunzi zinalowa m'gulupu ndi mutu wakuti: "Tenti yachilengedwe, luso latsopano la bwalo lathu." Zala zinagwanso.

Komabe bwaloli linali lodzichepetsa. Linawalowetsa Mayi Nanthambwe m'gulupu, linawapatsa udindo wa Mphunzitsi Wolemekezeka wa Zadzidzidzi, n'kuwapempha kuti Lachitatu adzatiphunzitse pabwalo la mpira mmene amachitira.

Mayiwo ndi ophunzira msanga. Anayankha ndi chala chachikulu choimika.

Lachitatu tinafika molawirira, titatchenanso. Mphunzitsi mpaka lero tikumudikira, ndipo tikudikira chiimire, poti pa uthenga wopempha mipando, Nduna ya Mipando nayo inaimika chala.