Tsiku Limene Ndinakagayitsa Chibwenzi Changa

Nkhani iyi ndimaibisa ngakhale kwa ana anga, koma lero imveni, mundiseke mukhute.

Matipate atangobwera, a Zuze, bambo wina amene anathawa nkhondo ku Mozambiki, anatsegula paki ya masewera m'mbali mwa damu pa boma la Chadiza. Munali akatungwe, kabwato, ndi mahatchi amatabwa ozungulira ndi injini ya dizilo. Loweruka anthu ankachita kupondana. Ine ndinakwerako kamodzi, kenaka ananditumiza kukaphunzitsa ku Mlolo.

Patapita zaka ndinafunsira Esinati, mwana wa mkulu wa mpingo. Ankazengereza kundilola, ndiye ndinati mahatchi aja andimalizire nkhani. Ndinamanga tayi, n'kumukweza pa keliyala ya njinga, ulendo wa ku boma.

Tinapeza mpanda utagwa, mbuzi zitagona pansi pa akatungwe, kabwato kaja akumwetsera ng'ombe.

"Ndi pano?" anafunsa Esinati.

"Usaone kunjaku. Tamva injiniyo!"

Inkaliradi m'shedi ya malata, amayi atandanda pamzere. Ndinawadutsa onse ngati bwana DC.

"Awiri," ndinauza mkulu amene anaima pakhomo, mutu uli mbuu. Ine ndinkayesa imvi.

"Mathini awiri?"

"Anthu awiri! Ine ndi madamu. Mutiike limodzi."

Mkuluyo anandiyang'ana kuyambira tayi mpaka nsapato. "Muli shuwa, bwana?"

"Shuwa! Ndinalowamo kale ine, sindiopa. Muike sipidi yonse, madamuwa atuluke atasintha!"

"Kusintha asinthadi," anatero. "Nanga tiyambe tawakonola, kapena angolowa mgaiwa?"

Mzere wonse unagwa nacho chiseko. Mayi wina mpaka anatula dengu pansi, chimanga n'kumwazika. Apo m'pamene ndinaona kuti aliyense anali ndi thumba kapena dengu, kupatula ine.

"Bambo inu," anatero mayiyo akupukuta misozi, "mahatchi tinasonkhera moto kalekale! Anthu atasiya kubwera, a Zuze anamangirira injini ija ku chigayo!"

Esinati anasasa ufa pa tayi yanga pang'onopang'ono, onse akuona.

"Tiyeni tizipita, aphunzitsi," anatero mokweza. "Anzanu amayamba aonekera kwa amalume, kugayitsa munthu kumabwera pambuyo."

Loweruka lotsatira ndinakaonekera. Esinatiyo ndiye amake a ana angawa, ndipo mpaka lero ku chigayo amatuma ine.

Abale, injini ikamalira, yambani mwafunsa chimene ikuzunguza.