Relojo ya pa makina olembera

Lolemba
A katekista a Zuze akuti ndimachedwa. Ine! Amene ndakhala ndikutayipa nyimbo za pa Misa chithawireni a Padiri kupita ku Tete! Akuti tsamba lizitha theka la ora lisanakwane, apo ayi makina apatsa mnyamata uja Dominiku, popeza anafika patali ku shikola. Ndipo munthu wopanda ntchito pa parishi, amilisiya amamutenga kukakumba ngalande zobisalamo. Msana wangawu?
M'bokosi la a Padiri muli relojo, wotchi yodina, yoyezera othamanga. Ndiimangirira pa makina, ndiziona nthawi ndikulemba.

Lachiwiri
Ndaimanga ndi mpira wa njinga pa chigudubu cha pepala. Mzere ukatha ndikakankha chigudubu, kabatani kakugunda chitsulo, muvi wabwerera poyambira. M'mawa wonse thukuta, relojo ikuti sindinayambe! Yabodza.

Lachitatu
Ndaitsitsa m'munsi, pafupi ndi zala. Tsopano maso ali pa muvi, osati pa zilembo. Zotsatira: mapepala atatu ong'ambika, chala chotupa, vesi imodzi yalembedwa kawiri. Dominiku wasuzumira pazenera: "Madala, mukuphika kapena mukulemba?" Mwano!

Lachinayi
Ndavundikira makina ndi nsalu, kuiwala kudina relojo kuti iime. Amayi Rozariya abwera kudzasesa, amva thi-thi-thi pansi pa nsalu. "Bomba! Bomba m'nyumba ya Mulungu!" Mudzi wonse kutchire, mbuzi, mitondo, ana kumsana. Nanenso ndathawa. Ndakumbukira za relojo nditafika kudambo, koma ndinganene bwanji pamaso pa anthu opsa mtima chonchi?

Lachisanu
Ndanena. Palibe akumva. A shefe, mkulu wa amilisiya: "Inu khalani chete, za nkhondo simuzidziwa." Akola makina ndi nsungwi yaitali, akuwakoka ndi chingwe m'fumbi mpaka kudzenje. Zilembo zikugwa m'njira ngati chimanga.

Loweruka
Akuwaponyera miyala ali chogona. Tsiku lonse. Makina a ku Ulaya! Sanaphulike. Tsopano akuti wolakwa ndine, chifukwa sindinanene msanga. A Zuze sakundiyankha moni. Amayi Rozariya akufuna ndiwalipire tsache lomwe anataya pothawa.

Lamulungu
Mapemphero opanda mapepala, aliyense akuimba vesi yake. Makina afa, ntchito yatha, ya ine ndi ya Dominiku yemwe. Mawa tonse awiri ku ngalande.
Relojo yokha yatuluka yamoyo. Ili m'khosi mwa a shefe. Akuti mawa aona amene amachedwa kukumba. Andifunsa podina, ndawasonyeza.