Tsoka la a Chiphazi

Pamgodi pano amanditchula a Chiphazi, koma kuyambira sabata yatha aliyense akatchula dzinali amayamba wandiyang'ana kumapazi kenako n'kumwetulira.

Dzinali linabwera chonchi. Nditayamba ntchito ndili mnyamata, kusitolo ya pamgodi kunali kutatsala jombo zikuluzikulu zokhazokha. Ndinalandira, n'kutsendera nsanza kutsogolo, basi n'kulowa pansi. Anzanga ataziona anakuwa kuti, "Eee, chiphazi!" Dzinalo linandikomera moti sindinapemphenso jombo za saizi yanga. (Kunena zoona, ine ndi mayi a kunyumba tikhoza kumabwerekana nsapato.)

Mdzukulu wanga Tadiwa amapita kukireshi, sukulu ya mkaka, konkuno ku Bindura. Chichewa amamva bwinobwino koma amayankha Chishona chokhachokha, ndipo zimenezi zakhala zikundiwawa mtima. Komabe ankandinyadira. Anali atauza anzake onse kuti sekuru wake, ndiye kuti ine agogo ake, ali ndi phazi lalikulu kuposa munthu aliyense m'komboni.

Aphunzitsi ake, mayi Mbewe, atamva zimenezi anandiitana kuti ndikathandize phunziro la chachikulu ndi chaching'ono. Mayi amenewa ndimawavulira chipewa. Amangoyala pamphasa makapu, zitsekerero za mabotolo ndi malalanje a ku Mazowe, ana n'kumasanja okha kuyambira kakang'ono mpaka chachikulu, osadziwa n'komwe kuti akuphunzira.

Ndinapita nditavala jombo zanga. Ana anaika tinsapato tawo pafupi ndi jomboyo.

"Iyi?" anafunsa aphunzitsi.

"Hombe!" anakuwa ana, ndiye kuti yaikulu.

"Nanga aka?"

"Kadiki!"

Ine ndinachita kupondetsa pansi kuti fumbi lituluke. Tadiwa anali atatukumula kachifuwa. Bwenzi nditatsanzika pomwepo.

Kenako mayi Mbewe analoza mchenga wonyowa umene anasalaza pakhonde, n'kunena m'Chishona kuti, "Ngationei tsoka dzaSekuru!" (Kwa amene simudziwa, m'Chishona tsoka ndi phazi. Tsiku limenelo tsoka lawo ndi tsoka lathu zinakumana pamodzi.)

"Mayi, jombo za mumgodi sizivulidwa pa ana," ndinatero. "Fungo."

"Musadandaule agogo, madzi alipo."

Ndisanapeze bodza lina, tiana tinali titagwira kale jombo n'kumakoka. Inavuka. Munatuluka sokosi zakale, munatuluka vesiti yong'ambika, pomaliza chidutswa cha chitenje chimene mayi a kunyumba akhala akuchifunafuna. Kenako kaphazi kanga kanaonekera, kotuwa, kamanyazi.

Ndinaponda pamchenga poti panalibenso kothawira. Aphunzitsi anaponda pambali panga, ndipo lawo linaposa langa poyerayera. Kamnyamata kena kanayamba kuseka kakuloza Tadiwa, ndipo ndinaona mlomo wa mdzukulu wanga ukunjenjemera. Zanga zamanyazi ndikanapirira, koma apa mtima unandiwawa zedi.

Mayi Mbewe sanaseke ngakhale pang'ono. Ananyamula jombo m'mwamba.

"Jombo?"

"Hombe!"

"Tsoka?"

"Diki!"

"Mwaona? Makolo ena amatibweretsera chinthu chimodzi. Sekuru a Tadiwa atibweretsera zonse ziwiri, chaching'ono atachibisa m'kati mwa chachikulu. Ndani angapeze china cholowa m'jombomu?"

Ana anabalalika. Lalanje linalowa, kapu inalowa, mpira unakana. Kenako aliyense anafuna kuyenda ndi jombozo, ndipo aphunzitsi anati mwini jombo ndi Tadiwa, ndiye aziloleza. Kamnyamata koseka kaja kanaima pamzere n'kumamupempha mwaulemu. Ine ndinakhala pakampando ka ana ndili wopanda nsapato, n'kumadabwa mmene mayiwa anasandutsira manyazi anga kukhala phunziro, osaphethira n'komwe.

Pobwerera Tadiwa anandigwira dzanja, nsanza zija atazinyamula kukhwapa. Tikudutsa pamsika, pamene anzanga a kumgodi amakhala, anandiyang'ana n'kunena mokweza, m'Chichewa chomveka bwino:

"Agogo, phazi lanu ndi laling'ono ngati la agogo aakazi!"

Zaka zonsezi ndakhala ndikudikira kuti mwanayu adzandiyankhule m'chinenero chathu, ndipo mawu ake oyamba anali amenewo. Anzanga anagwa ndi phwete. Ine ndinamunyamula n'kumuuza kuti abwereze.

Jombo zija ndikuvalabe. Amene amatsenderamo nsanza tsopano ndi Tadiwa, ndipo ndamuuza kuti ntchito imeneyi timaigwira m'Chichewa.